Kalata M'bokosi la Masipanala

Panali munthu wina ku Kasanda, ku Kabwe, dzina lake Evaristo, wokonza njinga. Nshima inayamba kumuima pachifuwa. Iye anati ndi mtovu wa kumgodi, n'kuyamba kumwa mkaka monga ankachitira malemu bambo ake akatuluka pansi.

Mkazi wake Fortunate anamukakamiza kupita kuchipatala. Evaristo analowa yekha. Atamulowetsa kachubu ka kamera kukhosi, anapeza chotupa m'njira ya chakudya.

"Chotupa chotere n'chosowa, ndipo sichikuoneka ngati khansa," anatero dokotala. "Pitani ku Lusaka akachichotse chikadali chaching'ono."

Panja anauza mkazi wake kuti, "Akuti palibe vuto, amake Melody." Kalata yomutumiza ku Lusaka anaibisa m'bokosi la masipanala, poti mnzake Humphrey anamuuza kuti mpeni ukakhudza chotupa, chimalusa.

Panatha miyezi isanu ndi iwiri. Evaristo anaonda mpaka lamba wake anabooledwa kawiri. Fortunate ankamuphikira phala lamadzimadzi, naye n'kumadya lomwelo kuti mwamuna wake asachite manyazi pamaso pa ana.

Lamulungu lina ku Misa, Evaristo analandira Ukaristia. Kanthu kopyapyala ngati pepala, koma kanakana kutsika. Kulavula sikukanatheka. Anagwada thukuta lili kamukamu. Mayi wina wa kwaya anamupatsira madzi mwakachetechete, madziwo n'kubwerera m'mphuno.

Kunyumba Fortunate anafunsa motsitsa mawu, "Atate ake Melody, dokotala uja ananena chiyani kwenikweni?"

Evaristo anangoloza bokosi lija. Kuseri kwa kalata, namwino wina dzina lake Namwinga anali atalemba pamanja: "Mukachita mantha, imbani nambala iyi."

Fortunate anaimba.

"Bambo a manja a girisi aja?" anatero namwinoyo. "Ndakhala ndikudikira. Mubwere nawo mawa."

Tsiku la opaleshoni ku Lusaka, Fortunate anakhala pabenchi maola asanu, kolona ili m'manja. Kenako dokotala anatuluka.

"Ali moyo, mayi. Koma chotupacho chinakula ngati mpeni m'litali, tachita kutsegula chifuwa. Akanabwera nthawi ija, tikanangoboola timabowo."

Zotsatira zinatsimikiza kuti sinali khansa. Tsiku limene mbamu yoyamba inatsika, Humphrey anabwera kudzazonda atanyamula mkaka. Evaristo anatsegula malaya, n'kumuonetsa chipsera chochoka kukhwapa kukafika kumsana.

"Ichi ndi chako, mnzanga. Mkakawo kapatse mphaka."

Phunziro: Chakudya chikamaima pachifuwa, kayezetseni. Si chotupa chilichonse chili khansa, koma chobisidwa chimakulabe. Tumizirani ena, makamaka abambo amene amalowa okha kwa dokotala.