Chinyezi Kuseri kwa Hema

"Dokotala Rennick, tabwerani mudzaone ichi," anatero Pulofesa Tolhurst, mayi amene anali mkulu wa msasa, atagwada kuseri kwa hema.

M'chigwa chouma cha ku Antarctica, kumene mvula siigwa, dothi linali litanyowa malo aakulu ngati mbale. Rennick, katswiri wa miyala wosatopa kukumbutsa anthu za madigiri ake, anangoima n'kumayang'ana. Zala zinali zitachita kale dzanzi ndi chisanu. Lamulo la pamsasa aliyense ankalidziwa: mkodzo ndi wa m'botolo, wothira pansi abwerera kwawo. Iyeyu dzulo lake botolo analiiwala.

"Musavutike n'kuyeza, Pulofesa. Ndine. Zinandipana."

Mayiyo anacheuka pang'onopang'ono. "Inuyo? Pati?"

"Cha pomwepo. Kapena pamwala paja, kaya. Kunali chimphepo."

"Apa si inu, bambo. Dothili ndi lamchere. Mpweya ukabwera ndi kachinyezi, mcherewo umayamwa mpaka kusungunuka. Ndimakuitanirani kuti dzina lanu likhale pambali pa langa polengeza zimenezi."

Anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, natenga wailesi yoitanira ndege.

"Mwati mwala wake uti?"