Fungo la M'kamwa

Msana unamugwira kalipentala pachipata penipeni, thumba la zipangizo zake lili paphewa. Anagwada, kenako n'kugwa cham'mbali m'fumbi.

Mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankayanika zovala, anaseka. "Ayambiranso alamu anga. Dzuwa likadali pamutu chonchi?"

Mkazi wa kalipentalayo anatuluka akupukuta manja pansalu. Anawerama, ndipo mwamunayo anatambasula dzanja poganiza kuti amudzutsa. Koma mkaziyo anangofikitsa mphuno pafupi ndi kamwa lake.

"Tandiuzirani mpweya, bambo a ana."

Inali itakwana miyezi khumi ndi umodzi kalipentalayo asanalawe ngakhale dontho la mowa. Kale botolo ndi limene linkaziziritsa moto wa mumsanawu. Tsopano ankangoluma mano, n'kumapala matabwa atapindika, ndipo podutsa pabala ankayang'ana pansi.

Anauzira mpweyawo.

Mkaziyo ananunkhiza kawiri, nkhope ili gwa. "Mwatafuna chiyani kuti fungo lisamveke?"

"Ndi msana, mayi."

"Ngakhale kale lija munkati ndi msana."

Zinali zoona. Kutsidya kwa msewu wailesi ya pabala inkaimba, ndipo iye ankadziwa bwino kuti matambula awiri okha akanamuimiritsa mowongoka ngati munthu wosamwa.

Anagwira mtengo wa chipata n'kudzikoka pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Analowa m'nyumba akudzandira. Kumbuyo kwake ankamva hamala ndi zitsulo zina zikugundana: mkazi wake anali akupisa m'thumba muja, kufuna botolo.