Uthenga Wochokera Kunsi kwa Masitepe

Seva inakana kuzima. A Pansi anailamula, n'kuilamulanso, iyo ili duu, kamzere koyera kakungophethira pa sikirini yakuda.

Dzina loti a Pansi anawapatsa ndi anzawo a m'maofesi am'mwamba, chifukwa chipinda chawo chinali kunsi kwa masitepe, chopanda zenera, chozizira moti juzi sankavula. Mmenemo ankakhala awiriwiri ndi seva yakale ya Linux yosunga mafayilo a kampani. Akazi awo anamwalira, ana ali kutali. Kunena mosabisa, bambowa ankasungulumwa, ndipo mnzawo wocheza naye anali makinawa basi.

Tsikulo fani yoziziritsa makinawo inali itafa, seva ikutentha ngati simbi. Kuti aike fani ina anafunika kuzimitsa kaye. Mwachizolowezi anali atatumiza kale chenjezo lija limatulukira kwa aliyense amene walowa mu seva: "Abale anga, sungani ntchito zanu, ndizimitsa pang'ono. Amene mumafuna chifukwa chokamwera tiyi, ndi chimenechi." Mauthenga amenewa ankawalemba mosamala, nthawi iliyonse ndi nthabwala yatsopano. Panalibe woyankha, koma anthu otanganidwa sayankha. A Pansi ankangowaona m'maganizo akumwetulira kumwambako.

Tsopano thukuta linayamba kuyenderera m'juzi muja. Kuzula chingwe cha magetsi kunali kosavuta, koma seva yokalamba ukaizimitsa mwankhanza imatha kupita ndi mafayilo. Ntchito ya anthu onsewo inali m'manja mwawo, ndipo iwo anali asanatayepo fayilo ya munthu chiyambire.

Analowetsa makinawo mu singo yuza, pamene seva imatseka makomo onse, netiweki n'kuduka, n'kutsala munthu mmodzi yekha wolankhula nayo. Anafufuza mzere ndi mzere. Kapulogalamu kena kanali katakakamira disiki yosungira mafayilo, osafuna kuitaya. Anakapempha mwaulemu, kanakana. Anakapha. Kenako anamasula disiki, kuiyeza, n'kupeza kuti ili bwinobwino.

"Gona tsopano, mnzanga," anatero.

Seva inamvera. Chipinda chonse chinangoti zii, ndipo a Pansi anamva kupuma kwawo komwe. Anaika fani yatsopano, n'kuyatsa. Mizere inathamanga pa sikirini, makomo anatseguka, mafayilo onse ali m'malo mwake.

Nthawi ya nkhomaliro inali itadutsa kalekale. Anali atagwiritsa anthu ulesi m'mawa wonse, ndiye kunali koyenera kukapepesa pamaso. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, mawondo akudandaula. Kumwamba kunali kowala, anthu ali jijirijijiri pa makompyuta, nkhope zambiri zachilendo. Mtima wawo unakhala pansi poona kuti ntchito yayambiranso.

Anagogoda pa ofesi ya bwana watsopano, mayi wachitsikana amene ankangomuonera patali.

"Pepani mayi, ndakuchedwetsani lero. Seva yadzuka, palibe fayilo imene yatayika."

Mayiyo anakweza mutu, n'kuwayang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato.

"Seva iti, bambo?"

"Yathu ija, ya kunsi kwa masitepe."

"Aa, imene ija? Mafayilo tinasamutsa chaka chatha, zonse zili pa intaneti. Palibe amalowamonso." Kenako anafunsa mwaulemu ndithu: "Pepanitu, inu mumagwira ntchito kuno?"