Ndilembe Dzina Lanji?

Mzere unayambira patebulo, n'kudutsa pamashelefu a zimbale zakale mpaka kukhomo la shopu. Verna anaima chakumapeto, atafumbata chimbale chatsopanocho pachifuwa. Munali nyimbo makumi awiri zosankhidwa mwa zonse zimene a Harlan Sizemore anapeka ndi gitala lawo pa zaka makumi asanu, ndipo theka la tauni ya Pikeville linabwera Loweruka limenelo kudzasayinitsa.

A Harlan anali atatha. Manja ankanjenjemera, kolala ya malaya ili lende pakhosi. Koma ntchito ya patebulo ankaidziwabe. Aliyense ankamugwira dzanja, kumuyang'ana m'maso ngati palibenso wina padziko, kumufunsa dzina, kenako n'kulemba. N'chimene akazi a ku Pikeville ankawafera kuyambira kale, ndipo ena ngakhale ukalamba sunawachiritse.

"Inu mayi, milomo mwachita kupaka chonchi, mukufuna kutilanda mdalayu?" anatero mayi wina wojintcha amene anali patsogolo pake.

"Ndikanatha," anatero Verna.

"Mumadziwana?"

"Ndinavina nawo mu 1974, kuholo ya tchalitchi. Anandiponda phazi kawiri."

"Ndiye akukumbukirani. Munthu saiwala phazi limene analiponda kawiri."

Verna anangomwetulira. Palibe china chimene ankafuna kuposa kuti a Harlan amukumbukire.

Atafika patebulo, a Harlan anakweza mutu. Nkhope yawo inawala. Anatenga dzanja lake ndi manja onse awiri, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaswera bwanji, mayi wokongola? Ndilembe dzina lanji?"

"Verna."

"Verna," anabwereza pang'onopang'ono. "Dzina labwino. Muli nyimbo ya dzina limenelo m'chimbalemu. Mukaimvere."

"Ndikaimvera."

Analemba, zilembo zili zopindikapindika, n'kutembenukira kwa wotsatira ndi kumwetulira komwe kuja. Zinathera pomwepo. Verna zinamupweteka kwambiri. Anakaima pafupi ndi zenera, misozi ikugwera papulasitiki ya chimbale.

Mayi wojintcha uja anamutsatira n'kumupatsa kansalu.

"Pepani, achemwali. Amuna ndi choncho. Oimbawa ndiye musanene, amavina ndi tauni yonse, m'mawa sakudziwa aliyense. Pitani kwanu mukapume."

Verna asanayankhe, Dwight, mwini shopuyo, anafika n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi Sizemore, amuna anu atopa. Ndiwathandize kukwera galimoto?"

"Dikirani pang'ono, Dwight, ndibwereze kamodzi kokha," anatero Verna akupukuta maso. "Chiyambire matenda oiwalawa, kunyumba ndikawagwira dzanja amakuwa kuti m'nyumba mwalowa mlendo. Pano pokha ndi pamene amandimwetulira."

Anabweza kansalu kaja, n'kukaimanso kumapeto kwa mzere.