Tonde wa Miyendo Iwiri

"Tonde wa miyendo inayi munagulitsa," anatero aneba akumukonzera pilo, "koma wa miyendo iwiri mukadali naye."

Make mapasa tanthauzo lake ankalidziwa. Kukhola, tonde ndi mbuzi yaimuna, yonunkha ija, yosalola yaikazi kudutsa mwamtendere. Dzinalo likagwera munthu ndi chipongwe: ndiye kuti bamboyo ndi wachimasomaso, woti siketi isamudutse.

"Ndaona ndi maso angawa," anapitiriza anebawo. "M'mawa uliwonse kukhola kwanu kumalowa mzimayi. Nthawi yomweyo amuna anu pabwalo saoneka."

Chithyokereni mwendo, make mapasa dziko ankalionera pazenera, ndipo khola linali kuseri. Anayamba kulumikiza zinthu. Nsalu yake yobiriwira inasowa pachingwe, mpango wakumutu chimodzimodzi. Mafuta ake odzola ankatha ngati wina akumwa. Amuna ake, adazi aja, amene ankati tsitsi linawathawa koma ndevu sadzazisiya, anali atameta chibwano kuti see.

Nanga mkaka! Mbuzi yake yokama inali yamakani. Wina aliyense akaiyandikira, inkamenya theche chidebe, mkaka n'kuumana. Komatu mapasa ankamwa mkaka tsiku ndi tsiku. Ndi mkazi wamtundu wanji ameneyu, wolanda mwamuna, nsalu, mpaka mbuzi yomwe?

Zinamuwawa zedi. Kodi kuthyoka mwendo ndi kufa? Analumbira kuti zikakhala zoona, alongedza katundu, ana atenga, banja lithere pomwepo.

M'mawa mwake atamva chitseko chikutsekedwa mwakachetechete, anatenga ndodo zake zoyendera n'kutsimphina mpaka kuseri. Anasuzumira pampata wa matabwa. Analipodi! Chimzimayi cha msana waukulu chitagwada pambali pa mbuzi, nsalu yobiriwira m'chiuno, mpango kumutu, fungo la mafuta ake lili ponseponse. Mkaka unkachita kulira m'chidebe, mbuzi ili phee, ikubzikula.

Anakankha chitseko. "Mayi inu, manyazi mulibe? Amuna anga mwawabisa kuti?"

Mzimayiyo sanatembenuke. Make mapasa anakola mpango uja ndi ndodo n'kuukoka.

Dazi linachita kuwala.

"Tsitsani mawu, make mapasa," ananong'ona amuna ake, manja akadali kumawere a mbuzi. "Ikangodziwa kuti si inu, ana lero samwa kanthu."