Tulo ta Kutsidya kwa Nyanja

Chiyambireni tizipangizo toziziritsa mitsempha kubwera m'mabelo a kaunjika, pamudzi pa Kanjedza panalibenso woyenda atagwira msana. Aliyense anali ndi kake kuseri kwa khutu.

A Zimpita, amuna ake a Nangondo, nawonso anaikitsa kawo chifukwa cha nyamakazi. Koma dzuwa likangoyamba kuwawa, bambowo ankaponya khasu n'kugona mumzere momwemo, mkonono n'kumamveka mpaka kumsewu.

"Si dala ayi, mayi a Tiyese," ankatero akadzuka. "Kameneka kanachokera kutsidya kwa nyanja. Kwawoko nthawi ino ndi usiku."

Nangondo anapalira yekha milungu itatu, uku akuwafunditsa chitenje kuti ntchentche zisawavute. Udzu utayamba kupitirira chimanga, anawakweza kabaza mpaka kumsika kwa Mayi Chikuse, amene ankakonza tizipangizoti pakhonde la chigayo.

"Chonde mayi, kasintheni kaziyendera nthawi ya kuno," anadandaula Nangondo. "Tifa ndi njala chaka chino."

Mayi Chikuse anagunditsa choyezera chawo kuseri kwa khutu la a Zimpita. Anayang'ana, n'kugunditsanso.

"Aka batire lake linatha mvula isanagwe. Sikagoneka munthu, sikadzutsa munthu."

A Zimpita anayamba kuyang'anitsitsa nkhuku imene inkadutsa, ngati sanaionepo nkhuku chibadwire.

"Ndiye ndiike batire lina?" anafunsa Mayi Chikuse.

Nangondo anamanga chitenje chake bwinobwino m'chiuno.

"Musavutike, wowadzutsa ndine kuyambira mawa. Mungondiuza, kopatsa munthu manyazi kanafika kale, kapena kakadali m'sitima?"