Batani la Nangula

Lumo linadula ulusi, batani loyamba n'kugwera m'mbale yachitsulo.

A Paston anayang'ana kumbali. Kuyambira Chitaganya chisanabwere, akhala akuperekera zakudya m'sitima ya pamadzi ya kampani imodzi, atavala jekete loyera lomweli. Tsopano kampaniyo yasiya kuima ku Beira, ndipo mawa akwera sitima ya pamtunda pa Limbe kukayamba ntchito kwina, kuhotela.

"Akuti kumeneko kulibe belu la chakudya," anauza akazi awo, a Dailesi, amene ankachotsa mabataniwo. "Alendo amangolowa ngati pamsika. Woperekera samutchula dzina, amangomukodola ndi chala."

"Nanga kwakaleko ankakutchulani?"

"Ndi kaputeni yemwe! M'mawa uliwonse ankati, 'Paston, nyanja yadzuka bwanji?'"

A Dailesi anasokerera mabatani atsopano, osalala, opanda chizindikiro. Kenako anatola limodzi lakale, lamkuwa, lokhala ndi nangula, n'kulisokerera mkati mwa thumba la pachifuwa, momwe woyang'anira sangaone.

"Akakukodolani ndi chala, muzigwira apa," anatero akuluma ulusi.

A Paston anavala jekete lija kuti aliyese. Dzanja linapita lokha pachifuwa.